Momwe mungagonekere mfuti pa epoxy kuti thabwa lake lisang'ambike

Mfuti zambiri zosakira zomwe ndaziona kuno ku Chipata ndi ku Mambwe zimang'ambika malo amodzimodzi: kuseri kwa tang, kachitsulo kothera kumbuyo pafupi ndi pogwirira, kapena pakati pa magazini (mosungira zipolopolo) ndi trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera). Mfuti ikalira, mphamvu yobwerera m'mbuyo imayenera kugwera pa recoil lug, kachitsulo kotulukira pansi kamene kamalowa m'thabwa. Koma thabwa limafufuma ndi mvula, n'kudzauma gwa ndi dzuwa la Okutobala la kuchigwa kwa Luangwa, ndiye mpata umabadwa. Chitsulo chikayamba kusewera, tang imalowa m'thabwa ngati nkhwangwa pa chikuni. Mfuti zazikulu monga .375 H&H ndi .458 Winchester Magnum sizichedwa kuwaza thabwa lotere.

Mankhwala ake ndi kuthira epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza, kuti chitsulo chigone pa bedi loumbidwa ndendende m'maonekedwe ake. Pezani epoxy wouma pang'onopang'ono, monga Acraglas kapena Devcon wa chitsulo. Guluu wouma m'mphindi 5 musiyeni, adzakuumirani m'manja. Mufunikanso polishi wa nsapato wopanda mtundu, tepi ya magetsi, pulasitisini wa ana asukulu, acetone (mankhwala otsukira mafuta) ndi tchizulo chaching'ono.

Choyamba chotsani bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo. Masulani masikuluwu, patulani chitsulo ndi thabwa, muchotsenso trigger ndi magazini.

Kenaka semani thabwa kuseri kwa lug ndi pansi pogona chitsulo, mamilimita 2 kapena 3 basi. Siyani kamalo kakang'ono kosasema pansi pa tang kuti chitsulo chisatitimire. Posemedwapo pakhale pokakala, epoxy sagwira posalala. Ngati thabwa lada ndi mafuta a mfuti, litsukeni ndi acetone kangapo mpaka liyere. Ming'alu yomwe ilipo kale ithireni epoxy ndi kuipana iume musanapitirize.

Tsopano tafika pomwe ambiri amalira. Matani tepi kutsogolo, m'mbali ndi pansi pa lug, kumbuyo kokha ndiko kukhale kopanda tepi, chifukwa ndiko kolandira nkhonya. Matani tepi iwiri kumapeto kwa tang kuti pakatsale kampata kochepa ngati pepala lokhuthala. Tsekani ndi pulasitisini bowo lililonse ndi kamseu kalikonse komwe epoxy angalowe n'kukola chitsulo. Mukatero pakani polishi pa chitsulo chonse, pa tepi, pa masikuluwu ndi m'mabowo mwake, mupukute, mupakenso kachiwiri. Mlamu wanga anaiwala sikuluwu imodzi yokha. Kutacha mfuti inali itasanduka chinthu chimodzi ndi thabwa, ndipo tinachita kuigoneka mu firiji yaikulu ya nyama usiku wonse kuti chitsulo chinyale ndi kuzizira, mlongo wanga akutiyang'ana cham'mbali.

Sakanizani epoxy molingana ndi muyeso wolembedwa pa paketi, osati wa m'mutu. Gwirani ntchitoyi m'mawa kusanatenthe, pakuti kutentha kumafulumizitsa kuuma. Pakani m'malo mosemedwa muja mokwanira, mopanikiza kuti musatsale mpweya. Tsitsani chitsulo mowongoka, mangani masikuluwu mongofikitsa, osakoka ndi mphamvu. Epoxy wotuluka m'mbali ndi chizindikiro chabwino. Mupukuteni akadali wofewa. Pakatha maola 4 kapena 5 tembenuzani sikuluwu iliyonse pang'ono ndi kuibwezera, kuti isamatike.

Isiyeni maola 24. Pochotsa, masulani masikuluwu, menyani pang'ono pansi pa mpope ndi nyundo ya labala, chitsulo chituluke chowongoka. Chotsani tepi ndi pulasitisini, palani zotsalira, kenaka kulitsani pang'ono mabowo a masikuluwu ndi dirilo kuti sikuluwu isakhudze m'mbali. Ikakhudza imayamba kunyamula mphamvu ya lug, ndipo thabwa limang'ambikira pomwepo.

Ine ndimadikira sabata yathunthu ndisanawombere, epoxy akhwime bwino. Mukapita kukayesa, tengani laisensi yanu ndi zipolopolo zokwanira zokonzera sikopu (galasi loyang'aniramo polunjika), chifukwa mfuti ikagona pa bedi latsopano kawirikawiri simenyanso pomwe inkamenya kale.