Musanapereke ndalama pa njinga yakapalasa yakale, chitani izi

Zimandiwawa kuona munthu wagulitsa matumba a chimanga nkukagula njinga yoti sabata yomweyo ili kwa okonza pansi pa mtengo. Penti amanamiza, abale, ogulitsa ena amapaka dala kuti abise pomwe panathyoka.

Choyamba dziwani ntchito imene mukuifunira. Ngati ndi ya kabaza, kunyamula makala kapena matumba, tengani zachitsulo zija za matayala a saizi 28 ngati Hero kapena Phoenix, chifukwa masipeya ake mumawapeza pa tauni iliyonse olo pa tsiku la msika. Buffalo nayo ndi yolimba, keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100 ndipo buleki yake mumaponda pedulo chobwerera m'mbuyo, kungoti imalemera. Maunteni ya magiya ndi yabwino kwa mwana wa sukulu kapena wokwera zitunda ngati za ku Dedza, koma pa katundu ayi, masipoko amangothyoka.

Mukasankha mtundu yambani ndi felemu, apa ndiye mukhalitse. Pitani ndi chala polumikizira ponse, pansi pa chishalo, pakhosi pomwe palowa foloko komanso pansi pomwe pali mapedulo. Mukamva chotupa ngati anawotcherera pomwe panathyoka, isiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji, chifukwa chubu mugula, tcheni mugula, koma felemu yowotcherera idzathyokera pomwepo tsiku limene mwanyamula mayi ndi mwana kumbuyo muli pamtsetse. Kenako imani kutsogolo muone ngati foloko ili yowongoka, ikapindikira m'mbuyo dziwani kuti njingayo inagundapo chinthu.

Tsopano itembenuzeni matayala aloze m'mwamba, muzungulitse limodzi limodzi. Limu ikamavina uku ndi uku ndiye yapindika, masipoko finyani awiriawiri mumve olobodoka. Gwedezani tayala cham'mbali, likamagogoda ndiye kuti mu habu, pakati pa tayala paja, mwadyeka, izi nzokonzeka koma muchotsere pa mtengo.

Pedulo ikamadumpha poponda nthawi zambiri ndi kotapini chabe, kachitsulo komangira mkono wa pedulo, musaope. Tcheni chikokeni pa giya yaikulu ya pa mapedulo ija, chikatukuka mpaka mano kuonekera chatha, ndipo mano akasongoka ngati minga musinthanso ndi giya yomwe.

Pomaliza ikwereni, musachite manyazi. Palasani mamita angapo, gwirani mabuleki onse awiri, mupepuse manja pa handulo muone ngati ikukokera mbali imodzi. Mufunsenso lisiti kapena mulemberane kapepala pamaso pa mboni, mulembepo ndi nambala yomwe imadindidwa pa felemu, njinga zakuba zilipo ndipo apolisi akaipeza kwa inu mumataya njinga ndi ndalama zomwe. Ka ndalama kena musiye ka pampu, belu ndi girizi.