Mmene mungakonzekere digiri ya masitazi pa maubale a pakati pa mayiko

Ngati muli ndi digiri yoyamba ndipo mukufuna kupitiriza maphunziro a maubale a pakati pa mayiko, yambani mwapeza funso loti mudzalifufuze musanasankhe yunivesite. Mafunso abwino ali pakhomo pomwe pano. Mkangano wa malire a Nyanja ya Malawi ndi Tanzania, womwe umatsamira pa pangano la Heligoland la mu 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, ndi nkhani yokwanira kafukufuku wathunthu, chimodzimodzinso chiganizo cha boma chosiya ubale ndi Taiwan n'kugwirizana ndi China kumapeto kwa 2007. Ine mtima wanga uli pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, chifukwa mtengo wa mafuta ndi feteleza kuno ku Lilongwe umadalira kwambiri njira zimenezi.

Mukasankha kuphunzira m'dziko muno, tsimikizani kaye ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kuti maphunzirowo ndi ovomerezeka musanalipire fizi.

Ofuna kupita ku Britain kudzera mu thandizo la maphunziro la boma la dzikolo lotchedwa Chevening ayenera kukhala atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso kulonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Apa anthu a ku Lilongwe ali ndi mwayi, popeza Unduna wa Zakunja uli ku Capital Hill, ndipo maofesi a akazembe ndi a United Nations ali mumzinda momwemu; pemphani kugwirako ntchito ngakhale yongodzipereka. Phunziraninso Chipwitikizi, pakuti nkhani zambiri za SADC zimatikumanitsa ndi Mozambique.