Momwe mungawerengere malipiro a ntchito yogulitsa malonda m'chigawo cha Tete

Munthu amene akufunsira ntchito yogulitsa malonda mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulónguè ayenera kudziwa kuti malipiro a ntchitoyi amakhala pawiri: pali ndalama yokhazikika ya pamwezi, ndipo pali komisau imene imadalira kuchuluka kwa katundu amene wagulitsa. Olemba ntchito ena amatchula ndalama imodzi yaikulu yophatikiza zonsezi, ndipo achinyamata athu amavomera msanga asanafunse kuti adzalandira zingati mwezi umene malonda adzavute.

Yambani ndi kudziwa malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola. Ku Mozambique malipirowa amaikidwa malinga ndi gawo la ntchito, boma litakambirana ndi olemba ntchito a bungwe la CTA komanso mabungwe a antchito monga OTM, ndipo kawirikawiri atsopano amayamba kuwerengedwa pa 1 Epulo. Gawo limene muli masitolo ndi magolosale limalandira zochepa poyerekeza ndi la mabanki ndi inshuwalansi kapena la migodi ikuluikulu. Funsani ku ofesi yoona za ntchito ndalama ya chaka chino, chifukwa ndi poyambira pokambirana ndi bwana aliyense.

Wongoyamba kumene, kaya ndi wogulitsa pa kauntala kapena promotor woyenda m'misika, amalandira ndalama yoyandikana ndi malipiro otsikitsitsawo, ndipo komisau yake imakhala yochepa. Amene amagulitsa makhadi a foni kapena kukhala ajenti wa M-Pesa ndi e-Mola, njira zotumizira ndalama pa foni, nthawi zambiri amadya komisau yokha, choncho ntchito yotere muitenge ngati bizinesi yanu, osati ngati ntchito yolembedwa.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pa udindo wa vendedor, amene amapatsidwa dera lake, mwina msewu wa ku Zóbuè kapena misika ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Apa komisau ikhoza kufanana ndi malipiro okhazikika ngakhale kuwaposa, ndiye musasaine musanafunse mafunso angapo. Kodi komisau imawerengedwa katundu akangotuluka, kapena kasitomala akamaliza kulipira? Kodi imachokera pa mtengo wophatikiza msonkho wa IVA wa pa zinthu zogulitsidwa, umene wakhala 16 peresenti kuyambira 2023, kapena pa mtengo wopanda msonkhowo? Nanga katundu akabwezedwa, kapena mwini golosale akathawa ndi ngongole, amene adzadulidwe ndani? Funsaninso za mafuta a njinga yamoto, mayunitsi a foni ndi ndalama yogonera, pakuti zimenezi zikamachokera m'thumba mwanu, komisau yonse ikhoza kuthera mumsewu.

Tiyerekeze kuti akulonjezani 2 peresenti. Mukagulitsa katundu wa mametikali 300,000 mu Juni, alimi a ku Angónia atagulitsa fodya, chimanga ndi mbatatesi, mudzapeza 6,000. Mukagulitsa wa 80,000 mu Febuluwale, nkhokwe zitatha ndipo misewu ya kumidzi yadzaza matope, mudzapeza 1,600 yokha. Lendi ya nyumba ndi chakudya cha ana sizidikira nyengo yokolola, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti muyeze ntchito ndi mwezi wa Febuluwale. Ngati malipiro okhazikika pamodzi ndi komisau ya mwezi wovutawo sizingasamale banja lanu, pemphani kuti akweze ndalama yokhazikika ngakhale zitatanthauza kutsitsa peresenti.

Mukakwezedwa kukhala supervisor, woyang'anira gulu la ogulitsa, ndalama yokhazikika imakwera koma komisau yanuyanu imachepa kapena kutheratu, ndipo m'malo mwake mumalandira bonasi gulu lonse likafika pa mlingo umene kampani yaika. Si zachilendo kuti wogulitsa waluso apose mkulu wakeyo pa miyezi yokolola. Ngakhale zili choncho, udindowu si wofunika kuukana, chifukwa ndalama yake siisinthasintha ndipo ndi khomo lopitira m'mwamba. Chofunika ndi kudziwa amene amaika mlingowo, komanso ngati bonasi imaperekedwa pang'ono mukaupereweza pang'ono.

Pa udindo wa gerente comercial, mkulu woyendetsa zamalonda pa kampani, gawo lalikulu la malipiro limakhala lokhazikika, ndipo makampani ena amawonjezerapo galimoto, thandizo la kuchipatala kapena la nyumba. Maudindo a director amapezeka kwambiri ku malikulu a makampani ku Maputo. Kuno kwathu, ndalama zabwino zimakhala kwa amene amagulitsa zida, mafuta ndi makina ku makampani, makamaka ogwira ntchito ndi migodi ya malasha ku Moatize, ndipo kumeneko amafuna munthu wodziwa kulemba bwino Chipwitikizi, womva Chingerezi, wokhala ndi laisensi yoyendetsera galimoto komanso wodziwa pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera ya Excel. Chichewa chanu nachonso muchitchule pokambirana za malipiro, pakuti wogulitsa wochokera kummwera sangagwirizane mtengo ndi mlimi wa ku Furancungo monga mungachitire inu.

Pa udindo ulionse, funsani ngati ndalama imene akutchulayo ndi yochotsera kale misonkho. INSS, bungwe la boma loona za penshoni ya antchito, imadula 3 peresenti pa malipiro anu ndipo bwana amawonjezera 4 peresenti, pomwe msonkho wa IRPS, wa pa ndalama zimene munthu amapeza, umayambira pa 10 peresenti mpaka 32 peresenti kwa amene malipiro awo afika poyenera kukhoma. Khalani ndi nambala yanu ya msonkho yotchedwa NUIT, sungani kapepala ka malipiro ka mwezi uliwonse, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsimikizira ku INSS kuti ndalama zimene akudulani zikufikadi. Peresenti ya komisau, tsiku lolandirira ndi zonse zimene mwagwirizana zilembedwe mu kontiratu, chikalata cha mgwirizano wa ntchito, motsatira lamulo la ntchito nambala 13/2023, ndipo mutenge kope lanu musanayambe ntchito.