Mpira ukalowa m'basiketi yolakwika

Oyimbira anzanga a basketball kuno ku Salima, chisokonezo ichi chimabuka kawirikawiri masewero akangoyambiranso pambuyo pa nthawi yopuma, pamene matimu asinthana mbali koma mwana wasukulu waiwala kumene akuyenera kuponya. Malinga ndi malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, wosewera akalowetsa mpira mwangozi m'basiketi imene timu yake ikuteteza, mapointi 2 amapita ku timu inayo, ndipo pa pepala la zigoli amalembedwa pa dzina la kaputeni wa timuyo amene ali m'bwalo. Akachita dala, imbani wezulo, chigolicho chisawerengedwe, ndipo mpira upatsidwe kwa timu inayo. Chonde musafulumire kugamula kuti wachita dala, chifukwa nthawi zambiri mpirawo umangomugunda dzanja polimbirana pansi pa basiketi.