Mmene mungazindikirire mfuti za mufilimu

Ndi kuzizira kwa Mzuzu kunoku madzulo ambirife timangokhala mnyumba kuonera mafilimu a zigawenga, ndiye mkangano sulephera, wina akuti iyi ndi AK wina akuti ayi. Choyamba imitsani filimuyo pomwe mfuti ikuoneka chammbali, chifukwa ikaloza kamera mungoona kabowo basi.

Kenako yang'anani magazini, mokhala zipolopolo muja. AK-47 siyivuta, magazini yake ndi yopindika ngati nthochi, nthawi zambiri kumbuyo ndi pogwirira pamakhala thabwa, ndi yomwe ija ili pa mbendera ya Mozambique. Koma samalani, MP5 ya ku Germany nayonso magazini yake ndi yopindika kungoti ndi yowonda, mfuti yonse ndi yaifupi komanso yakuda bii, mufilimu amakonda kuinyamula apolisi obisa nkhope aja.

Mapisto ndiye amazunguza mutu eti. Glock ya ku Austria imaoneka yamakona, kumbuyo kulibe kahamala (kachitsulo kaja amakakoka ndi chala chachikulu asanawombe), thupi lake ndi lapulasitiki, ndipo mu Glock 17 mumalowa zipolopolo 17. Beretta 92 ya ku Italy pamwamba pake ndi potsegula moti paipi imaonekera, kahamala kalipo. Mukaona chozungulira pakati ndiye rivolova imeneyo, zambiri zimatenga zipolopolo 6, olo kuti mufilimu bwana wa zigawenga amangowombera mpaka kucha osaikamo zina.

Phokoso lokha musalikhulupirire, amachita kuikamo ku situdiyo. Zikakukanikani ndipo bandulo ilipo, lembani dzina la filimuyo pa webusaiti yotchedwa IMFDb, ali ndi zithunzi za mfuti za m'mafilimu ambiri komanso amalemba yemwe waigwira.