Kasungidwe ka mabulashi a mekapu

Mwafunsa kuti mabulashi a mekapu muziwasunga bwanji kuti asamathothoke ubweya. Yambani ndi kuwatsuka ndi madzi ofunda pang'ono ndi shampu ya ana, ubweya utaloza pansi, chifukwa madzi akalowa m'kachitsulo kogwira ubweyawo, guluu amafooka. Afinyeni mofatsa ndi thaulo, kenako agonekeni m'mphepete mwa tebulo usiku wonse. Musawaimike akadali onyowa.

Akauma, aimikeni m'botolo loyera, ubweya m'mwamba. Pansi thiranipo timikanda kuti asamagundane. Ena amathira mpunga, koma umafumbwa. Opakira m'maso akhale paokha, a faundeshoni ndi paudala paokhanso. Kubafa ayi, chinyezi chimaachititsa nkhungu. Nyengo ya fumbi botololo lilowe m'kabati, ndipo paulendo akulungeni m'kansalu koyera, osangowaponya m'chikwama.