Tisankhe mnzathu wotikumbutsa kanyamulidwe ka odwala pa wodi

Anzanga ogwira ntchito m'zipatala kuno ku Ntcheu, manesi, ma attendant, mapota, ngakhale inu oyendetsa ambulansi, nkhani ya lero ndi ya msana. Mutafunsa pa wodi iliyonse kuti ndani sanamvepo msana kuwawa poweruka, anthu angokuyang'anani, chifukwa tinazolowera kuti ntchito yake ndi yomweyo, wamwa brufen, wagona, mawa wabweranso. Koma zimenezi sizoyenera kuzolowera ayi, pali anzathu ena panopa sangathe olo kuwerama kuti amange nsapato, ena anapempha kusinthidwa wodi zaka zopuma zisanakwane, ndipo msana ukawonongeka sumabwerera mwakale msanga.

Munthu wodwala alibe pogwirira, amatha kufooka mwadzidzidzi muli pakati pomunyamula, amatha kukugwirani m'khosi chifukwa cha mantha, ndiye inu mumakhala mwawerama, mwatambasula manja kutali ndi thupi, kwinaku mukupotokola chiuno. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha pantchito la NIOSH linanena kuti pogwira wodwala munthu mmodzi asamanyamule kupitirira pafupifupi makilogalamu 16, ndipo apo ndi pamene zinthu zili bwinobwino, wodwala sakulimbana nanu. Makilogalamu 16 ndi kulemera kwa mwana wa zaka zinayi. Nde taganizani bambo wa makilogalamu 70 amene anthu awiri akumukokera kumutu kwa bedi, aliyense wasenza zingati. Komanso sikuti msana umathyoka tsiku limodzi, umapita pang'onopang'ono, tinyama tofewa ta pakati pa mafupa a msana timanka titopa mpaka tsiku lina mukungotola cholembera pansi basi mwauma pomwepo.

Ambiri tinaphunzirapo izi kusukulu, ena anapitako ku wekishopu. Vuto ndi lakuti zophunzira m'kalasi zimathera m'kalasi momwemo, ukafika pa wodi 2 koloko usiku uli ndi mnzako mmodzi yekha, odwala adzaza mpaka ena ali pa matiresi pansi, umangochita zomwe manja anazolowera. Ndipo kafukufuku wakunja waonetsa kangapo kuti maphunziro okhaokha a kanyamulidwe sachepetsa kuvulala kwa msana ngati palibe china chowonjezera. Chofunika ndi munthu amene ali pomwepo pa nthawi yomwe zinthu zikuchitika.

Ife a kumudzi timadziwa za mlimi wotsogolera. Alangizi a zaulimi amabwera mwa apo ndi apo, koma amene amasintha mudzi ndi mlimi mnzathu uja amene munda wake timaudutsa tsiku lililonse ndipo sitichita naye manyazi kumufunsa. Pa wodi pakufunika munthu ngati ameneyo, ena amamutchula kuti tchampiyoni. Ku America zipatala za asilikali opuma zakhala zikugwiritsa ntchito njira imeneyi kwa zaka zambiri, wodi iliyonse imakhala ndi wogwira ntchito mnzawo amene anaphunzitsidwa mwapadera za kasunthidwe ka odwala. Kwathu kuno si zachilendonso kwenikweni, tili kale ndi ma focal person, anthu osankhidwa kuyang'anira za kupewa matenda opatsirana, tili ndi timagulu ta 5S toona za ukhondo ndi dongosolo pa malo antchito, ndiye palibe chifukwa choyambitsa komiti ina yatsopano, kungowonjezera munthu woyang'ana za msana basi.

Posankha munthuyu mpamene ambiri angalakwitse. Asakhale a in-charge, iwo ali kale ndi zambiri komanso akalankhula anthu amamva ngati lamulo osati malangizo. Asakhale wongolozedwa ndi a matron chifukwa choti amamvana, asankhidwe ndi anzake a pa wodipo, munthu amene anthu amamuitana kale pakavuta, wosapsa mtima msanga, wokonda kugwira nawo osati kuloza ndi chala. Ndipo ine ndimalimbikira kuti sikuti akhale nesi basi ayi. Attendant amene wakhala pa male ward zaka zambiri amanyamula odwala kuposa wina aliyense, amadziwa trolley yomwe tayala lake limakakamira, ameneyo akhoza kukhala tchampiyoni wabwino kwambiri. Musankhe awiri kapena atatu pa wodi kuti shifiti ya naiti isakhale yopanda munthu, pajatu usiku mpamene anthu amachepa, komanso anthu amapita ku holide, amasinthidwa mawodi, ena amapita kusukulu. Akasankhidwa apemphe a physiotherapy kapena a rehabilitation pachipatala cha boma kuti awaonetse ndi manja pa bedi lenileni, osati pa projekita. A ku ma health centre ngati Lizulu, Tsangano, Kasinje kapena Bilila, inunso mukufunika mmodzi olo muli ochepa, chifukwa wodwala womutumiza ku boma mumamukweza nokha mu ambulansi.

Ntchito yoyamba ya tchampiyoni ndi ya pa lipoti ya m'mawa ndi madzulo. Tikamapatsirana odwala timanena za mankhwala, za BP, za diripi, koma sitinena kuti wodwala uyu amadzuka yekha, uyu amafuna munthu mmodzi, uyu osamugwira muli osakwana atatu. Tchampiyoni awonjezere mawu amenewa, sizitenga olo mphindi zitatu. Kenako azungulire aone mabuleki a mabedi ndi a wilutcheya, machira ngati sanang'ambike, pansi ngati sipananyowe akamaliza kukolopa.

Tsono tiyeni tione chinthu chimodzi chomwe chimachitika kambirimbiri pa tsiku, wodwala watsetserekera kumiyendo kwa bedi ndipo akufunika kubwezedwa kumutu. Chizolowezi chathu ndi choti wina uku wina uku, tamukola m'khwapa, hiii, tamukoka. Njira imeneyi ndi yoipa kwa onse, inu msana, iye phewa limatha kuguluka makamaka okalamba ndi a sitiroko, komanso khungu la kumatako limakhuzika pa shiti ndiye zilonda za pabedi zimayambira pomwepo. Chomwe tchampiyoni aonetse anzake ndi ichi. Muuzeni kaye wodwalayo zomwe mukufuna kuchita, ngati angathe kupinda mawondo ndi kukankha ndi zidendene muloleni athandize, nthawi zambiri amatha kuposa mmene timaganizira koma sitimufunsa. Chotsani pilo, goneketsani bedi likhale lathyathyathya, mangani buleki, onani kuti diripi ndi kathita, paipi ya mkodzo ija, sizikokeka. Ngati bedi limakwera likwezeni lifike cha m'chiuno mwanu. Pansi pake pakhale shiti yopinda pawiri yochokera m'mapewa mpaka m'ntchafu, muime wina mbali iyi ya bedi wina mbali inayo, aliyense apinde m'mbali mwa shitiyo mpaka manja afike pafupi ndi thupi la wodwala, mapazi motalikirana, phazi limodzi kutsogolo kuloza komwe mukupita, mawondo opinda pang'ono. Mmodzi yekha ndiye awerenge, ndipo mugwirizane kaye kuti tisuntha pa "tatu" kapena pambuyo pake, chifukwa anthu ambiri amavulala pamene wina wayamba mnzake asanakonzeke. Ndiye musamunyamule m'mwamba, mutsetsereke naye posamutsa thupi lanu kuchoka pa mwendo wakumbuyo kupita wakutsogolo. Akakhala wolemera chitani kawiri kapena katatu pang'onopang'ono, palibe mpikisano. Kuli mashiti ena oterera opangira zimenezi, chipatala chikakhala nawo ndi bwino kwambiri, ndipo tchampiyoni aziwapempha osatopa.

Wa sitiroko pomuchotsa pa bedi kupita pa wilutcheya, ikani mpando mbali yomwe ili ndi mphamvu, akhale kaye m'mphepete mwa bedi mapazi atagunda pansi kuti chizungulire chithe, ndipo dzanja lofookalo osalikoka ngakhale pang'ono. Musalole akukoleni m'khosi, agwire pa bedi kapena pa mkono wa mpando. Wodwala akayamba kugwa muli naye, musalimbane zomugwira kuti aimirire, mutetezeni mutu, mutsike naye pansi bwinobwino, kenako muitane anzanu. Akakhala pansi palibe changu chomudzutsa musanamuone ngati wavulala.

Ife tili pa msewu wa M1, ngozi za minibasi ndi za kabaza sizisowa, ndipo wovulala amafika ali pa lole kapena kumbuyo kwa pikapu anthu achifundo atamunyamula mmene angathere. Apa tchampiyoni wa ku casualty akhale wolimba mtima, aimitse khamu lija kaye. Munthu amene mukumukayikira kuti wavulala khosi kapena msana amatembenuzidwa ndi anthu osachepera anayi, mmodzi agwire mutu ndipo ndi yekhayo amene alamule, enawo mapewa, chiuno ndi miyendo, thupi lonse litembenuke nthawi imodzi mosapindika. Kulakwitsa pamenepa munthu amene akanachira akhoza kufa ziwalo moyo wake wonse, ndipo mwina akufunika ulendo wina wautali wopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Koma mbali yomwe imandikhudza kwambiri ine ndi ya magadiyani. Kwathu kuno amene amatembenuza wodwala usiku, kumusambitsa, kumupititsa kuchimbudzi, ndi gadiyani. Nthawi zambiri ndi mayi wachikulire wochokera ku Ganya kapena kwa Njolomole, mwina tsidya lina la ku Mozambique, wagona pa simenti masiku angapo, kuzizira kwa mwezi wa June kuja, chakudya chake chosakwanira, ndipo akunyamula mwamuna wake yekha pomukoka ndi chitenje. Palibe anamuonetsapo. Akabwerera kumudzi ndi wodwala wosayenda, ntchito imeneyi ikhala yake miyezi kapena zaka, ndipo iye akavulala msana banja lonse lagwa, kumunda kulibe wopita. Ndiye tchampiyoni apeze mphindi khumi, kaya nthawi yomwe magadiyani aloledwa kulowa, awasonkhanitse pa bedi limodzi awaonetse katembenuzidwe, kupinda bondo la wodwala, dzanja limodzi pa phewa lina pa chiuno, kumugudubuzira mbali yomwe mwaima osati kumukankhira kutali. Awauze kuti wosatha kudzitembenuza asagonere mbali imodzi kupitirira maola awiri, komanso kuti kuitana gadiyani wa bedi loyandikana kuti athandizane si chamanyazi. Akawaonetsa awasiye ayese okha iye akuona, chifukwa "mwamva amayi?" aliyense amayankha kuti eya.

Kakonzedwe ka mnzako nako nkofunika kusamala. Tchampiyoni si wapolisi, sayenda ndi kope lolemba mayina a olakwa, akangoyamba zimenezo anthu azimubisira ndipo nkhani yonse yafera pomwepo. Mukaona mnzanu wakola wodwala m'khwapa musakuwe muli kutali pamaso pa odwala ndi magadiyani, pitani pafupi munene kuti "asisita tadikirani ndigwire nawo, titenge shiti", basi mwakonza kale popanda kunyozetsa munthu. Makamaka ngati ndinu wamng'ono ndipo mukukonza munthu amene anayamba ntchito inu muli ku pulayimale, ulemu patsogolo, zina mukakambirane pambali pa tiyi. Ophunzira a unesi akabwera ku practical komanso ogwira ntchito atsopano, agwireni sabata yoyamba yomweyo asanatengere zizolowezi zathu zakale.

Kwa akuluakulu a chipatala, a matron ndi a DNO, mkulu wa manesi m'boma lino, pempho langa ndi ili. Musayambe ndi nkhani ya alawansi, chifukwa mukatero adzasankhidwa wofuna ndalama osati wofuna ntchito, ndipo ndalama ikatha zonse zidzaima. Chomwe munthuyu akufuna ndi nthawi pang'ono pa shifiti yake, mpata wolankhula pa miting'i ya wodi, komanso kuti akanena kuti wilutcheya ilibe buleki pakhale womva ndi kuitumiza ku maintenance. Akanena katatu osayankhidwa adzasiya, ndipo anzake adzaona kuti zinali zongolankhula. Tisanamizanenso, tchampiyoni sangalowe m'malo mwa anthu osowa pa shifiti kapena zipangizo zomwe palibe, ngati wodwala akufuna anthu anayi ndipo alipo awiri, yankho ndi kuitana a wodi yoyandikana kapena kudikira, osati kulimba mtima. Lamulo la dziko lino la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti malo antchito akhale otetezeka, ndiye kupempha zimenezi si kuderera mabwana.

Pa wodi pakhale kakope kamodzi kolembamo tsiku, chomwe chinachitika ndi chomwe chinasowa, olo zikhale zoti wodwala anatsala pang'ono kugwa kapena wina wamva kuti tswii kumsana koma akuyenda. Osalemba kuti walakwa ndani. Pakatha mwezi matchampiyoni a mawodi onse akumane aone zomwe zikubwerezabwereza, mwina mupeza kuti zambiri zikuchitikira kubafa kapena potsitsa odwala a opareshoni pa trolley, ndiye mudziwa poyambira. Ndipo amene wavulala ali pantchito anene tsiku lomwelo, akaonedwe ndi a clinician ndipo zilembedwe, chifukwa nkhani ya chipukuta misozi ikadzabwera patsogolo adzafunsa umboni wolembedwa. Msana ukamawawa mpaka kutsikira m'mwendo, mwendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikuvuta kuzigwira, zimenezo si za brufen, pitani mukaonedwe nthawi yomweyo.